Maluwa Opanda Matenda Amayambira pa Nazale

Ku Luwinga ndi m'madera ena a mzinda wa Mzuzu kuli anthu omwe amadyetsa mabanja awo pogulitsa mbande za maluwa m'machubu. Madandaulo omwe amalandira kwa ogula nthawi zambiri amakhala awiri: duwa linafota litangofika kunyumba, kapena linakula bwino koma silinachite maluwa. Akatswiri a zomera anafufuza kale magwero a mavuto onsewa, ndipo zomwe anapeza zikhoza kuteteza malonda a mwini nazale.

Mzuzu ndi malo a mvula yambiri ndi nkhungu, ndipo chinyezi chotere chimakomera matenda a nguwi. Pa maluwa a rozi matendawa amaoneka ngati madontho akuda kapena ufa woyera pamasamba. Amenewa munthu amawaona ndi maso, ndipo amachepa ngati mbande zatalikirana, zikuthiriridwa patsinde m'mawa, komanso masamba odwala akuchotsedwa.

Oopsa kwambiri ndi mavairasi, chifukwa chomera chikhoza kukhala nawo chikuoneka chathanzi. Amafala kudzera mu nsabwe za m'masamba, mipeni yodulira ndi nthambi zomwe timadula kukabzala. Chomera chogwidwa ndi vairasi chilibe mankhwala. Alimi a ku Nkhata Bay akudziwa bwino zimenezi, pakuti matenda a chisaka anawononga nthochi zawo, ndipo ankafalanso kudzera mu ana a nthochi omwe anthu ankagawana.

Mu 1977, akatswiri awiri a ku England, Clark ndi Adams, anaonetsa mmene njira yoyezera yotchedwa ELISA ingagwirire ntchito pa zomera. Amafinya madzi a tsamba ndi kuwasakaniza ndi mankhwala omwe amasintha mtundu ngati muli vairasi. Motero matenda amadziwika zizindikiro zisanaoneke.

Nkhani ya kuchita maluwa inaunikiridwa ndi mbewu yomwe Amalawi timaidziwa bwino. Mu 1920, Garner ndi Allard a ku America anapeza kuti fodya wa mtundu wa Maryland Mammoth ankachita maluwa pokhapokha masana akafupika. Pambuyo pake kunadziwika kuti chomwe chomera chimayeza ndi kutalika kwa usiku. N'chifukwa chake poinsettia kuno amafiira m'nyengo yozizira, usiku ukatalika. Akabzalidwa pansi pa nyali yamagetsi yoyaka usiku wonse, amachedwa kufiira kapena safiira n'komwe. Fetereza wa nayitirojeni akachuluka, masamba amachulukanso pomwe maluwa amachepa.

Mwini nazale aliyense akulimbikitsidwa kudula nthambi zobzala pa zomera zathanzi zokha, kutsuka mpeni ndi mankhwala ophera tizilombo asanakhudze chomera china, ndiponso kuika padera mbande zogulidwa kwina kwa masabata angapo. Chomera chopinimbira, cha masamba opotana kapena a mawangamawanga, chizulidwe ndi kutenthedwa. Wogula auzidwenso ngati duwa lake limafuna dzuwa, mthunzi kapena mdima usiku.

Chizindikiro chachilendo chikaoneka, tengani chomeracho m'pepala la pulasitiki kupita nacho kwa mlangizi wa zaulimi. Iye ndiye angakulumikizeni ndi akatswiri a pa malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa, omwe ali mumzinda mwathu momwe muno.