Kiyi yachinsinsi: kuchokera ku Vula kufika m'thumba la mlimi wa ku Chongwe

M'nyengo ya ulimi ya 2015/2016, boma la Zambia lidasankha madera 13 oti ayesereko njira yatsopano yoperekera zipangizo zaulimi zotsika mtengo za FISP, ndipo Chongwe idali m'gulumo. M'malo mokafola kudepoti kudikira matumba a fetereza, mlimi ankapereka K400 yake, boma n'kuikapo gawo lake, iye n'kulandira khadi la Visa lokagulira mbewu ndi fetereza kusitolo. Khadilo linkabwera ndi nambala yachinsinsi. Kwa alimi ambiri a m'dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, aka kadali koyamba kuti chakudya cha chaka chonse chitsamire pa manambala anayi osungidwa m'mutu.

Manambala anayiwo pa okha sangateteze kanthu. Chimene chimawapatsa mphamvu ndi luso limene akatswiri amati encryption: kusokoneza uthenga mwa masamu kuti aliyense wougwira panjira aone zopanda mutu, ndipo wokhala ndi kiyi yekha ndiye aubwezere mwakale. Mlimi akalowetsa khadi m'kamakina ka wogulitsa, PIN yake inkachoka m'sitolomo itasokonezedwa kale, n'kukamasulidwa kumakompyuta a banki.

Kubisa mawu si kwachilendo kwathu kuno. A kudambwe ali ndi kayankhulidwe kawo, koti wosameta amamva mawu onse koma osatolapo kanthu. Kwina nakonso adayamba kalekale. Julius Caesar ankasuntha chilembo chilichonse malo atatu polembera akazembe ake a nkhondo, ndipo m'zaka za m'ma 800 katswiri wa ku Baghdad, al-Kindi, adaonetsa kuti kubisa kotereku kumaululika ukangowerenga zilembo zimene zikubwera kawirikawiri. Koma nkhani imene ana a sukulu a ku Chongwe akadayenera kuidziwa idachitikira pakhomo pawo pomwe, ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45.

Akuluakulu a kuno sadaiwale zaka zimene Zambia inkalipira mtengo wosunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nawo. Pa 19 Okutobala 1978, ndege za Rhodesia zidaphulitsa msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Chikumbi, ndipo wozitsogolera, wodzitcha Green Leader, adalamula pawailesi ogwira ntchito pansanja ya bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke. Bwalolo, limene lero ndi Kenneth Kaunda International Airport, lili m'dera la Chongwe. Chaka chotsatira asilikali a Rhodesia adagwetsa mlatho wa pamtsinje wa Chongwe, pamsewu wa Great East. Adani ankadziwa kumene anthu agona ndi kumene katundu adutsa. Chipani cha ANC cha ku South Africa, chimene likulu lake lidali ku Lusaka, chidakhala zaka zambiri m'mantha omwewo: lamya ankaimvetsera, makalata ankawatsegula, ndipo uthenga wonyamulidwa ndi munthu unkatha milungu usanafike kwa mtsogoleri wake, a Oliver Tambo.

Mu 1988 ANC idalowetsa mobisa atsogoleri awiri, a Mac Maharaj ndi a Siphiwe Nyanda, m'dziko la South Africa pa ntchito yotchedwa Operation Vula. Funso lidali loti aziyankhulana bwanji ndi Lusaka. Yankho adalikonza a Tim Jenkin, amene adathawa m'ndende ya Pretoria mu 1979 pogwiritsa ntchito makiyi osema ndi mtengo, mothandizana ndi a Ronnie Press, onse awiri ali ku Britain.

Njira yake inkayenda motere. Munthu wa ku Durban kapena ku Johannesburg ankalemba uthenga pakompyuta yam'manja. Pulogalamu inkasakaniza chilembo chilichonse ndi nambala yotengedwa pa disiki yodzaza manambala achisawawa, ndipo gawo la manambala limene lagwira ntchito linkafufutidwa, osabwerezedwanso. Zotulukazo zinkasandutsidwa kulira kwa makina, n'kujambulidwa pa kaseti wamba. Kenako munthuyo ankapita pa lamya ya pamsewu, n'kuimba ku London, n'kugunditsa kawailesi kake pa chomvera. Makina oyankha lamya a m'nyumba ya a Jenkin ankajambula phokosolo. Iwo ankamasulira ndi disiki inzake yofanana ndendende, n'kusokonezanso uthengawo ndi kiyi ya ku Lusaka, n'kuutumiza. Kuzungulira ku London kudali ndi chifukwa: lamya yochoka ku South Africa kupita ku Lusaka ikadadzutsa apolisi nthawi yomweyo, pamene zopita ku London zinkaimbidwa zambirimbiri tsiku lililonse. Ku Lusaka wolandira adali mayi wa ku Netherlands, a Lucia Raadschelders, amene ankasindikiza uthengawo kuti ukafike kwa a Tambo.

Kiyi yogwira ntchito kamodzi kokha ndi yosathyoka, ndipo Claude Shannon adatsimikiza zimenezi mwa masamu mu 1949. Vuto lake ndi limodzi: mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi kiyi yofanana, ndipo wina ayenera kuinyamula pamanja. Ntchito yoopsayo adaigwira a Antoinette Vogelsang, wothandiza anthu m'ndege za KLM, amene ankalowetsa makompyuta ndi madisiki ku Johannesburg m'chikwama chawo. Pofika 1989, mauthenga a a Nelson Mandela ochokera kundende ya Victor Verster, otulutsidwa mobisa m'zikuto za mabuku, ankafika ku Lusaka kudzera m'njira yomweyi, boma la tsankho lili m'tulo. A Mandela atatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, ulendo wawo woyamba wa kunja udali wa ku Zambia, ndipo adatera pabwalo lomwe lija la m'dera la Chongwe pa 27 mwezi womwewo.

Vula idaululika mu Julaye 1990. Apolisi atagwira a Charles Ndaba ndi a Mbuso Shabalala, amene pambuyo pake adawapha, adafika m'nyumba zobisalira za ku Durban n'kupezamo madisiki okhala ndi mauthenga osungidwa osasokonezedwa, owerengeka ngati nyuzipepala. Khoswe wa patsindwi adaulula wa padzala: maina ndi malo zidatuluka, anthu ambiri n'kumangidwa, kuphatikizapo a Maharaj. Masamu aja sadathyoledwe. Chinsinsi chidatulukira pamene munthu wotopa adasunga kope lomasulira kale kuti asavutike mawa. Mfundo imeneyi ndi imene ikundidetsa nkhawa ndikaona mmene foni zikugwirira ntchito ku Chongwe lero.

Ulendo wa mayi wa KLM uja foni yanu imauchita m'kuphethira kwa diso. Mu 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman adafalitsa njira yoti anthu awiri osaonana agwirizane kiyi poyera, womvetsera osaidziwa, ndipo chaka chotsatira kudabwera njira ya RSA. Zili ngati kugawira anthu maloko otsegula: aliyense angathe kutsekera katundu m'bokosi n'kukutumizira, koma kiyi yotsegulira idatsala m'thumba mwako. Intaneti yonse ya mabanki idamangidwa pamenepa. Kuyambira Epulo 2016, WhatsApp imatseka uthenga pafoni ya wotumiza n'kukautsegulira pafoni ya wolandira pokha, kotero kuti kampaniyo, Airtel, MTN kapena Zamtel sangauwerenge panjira. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chongwe, akamatumiza uthenga wa mawu kwa womugula ku Soweto Market mu Lusaka, ali ndi chitetezo chimene a Tambo adachipeza pambuyo pa zaka za khama la anthu oika moyo pachiswe.

Si zonse za pafoni zimene zili zotsekedwa chomwecho, ndipo anthu ayenera kuuzidwa mosabisa. Kuimba wamba ndi SMS zimabisika pakati pa foni ndi nsanja ya netiweki basi; zikalowa m'makina a kampani zimakhala poyera kwa amene ali ndi mwayi wofikamo. N'chimodzimodzi ndi mndandanda umene umatuluka mukatchaya *115# potumiza ndalama. Ngakhale pa WhatsApp, chobisika ndi mawu okha. Nambala imene mwailembera, nthawi yake ndi kuchuluka kwa mauthenga zimadziwika ndithu. Ndipo foni yopanda loko ikasiyidwa pa shopu yotchajira, kapena ikabwerekedwa kwa mlamu kuti aimbeko kamodzi, masamu onse aja alibenso ntchito.

Akuba adazindikira izi kalekale, n'chifukwa chake savutika ndi makompyuta a banki. Amaimbira munthu mwaulemu, "amayi" kapena "adadi" ali pakamwa, n'kudzitcha ogwira ntchito kukampani ya foni, n'kunena kuti akaunti itsekedwa madzulo ano mukapanda kutchula PIN. Ena amatumiza uthenga wodziwika uja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ena amapempha manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani, ati adalakwitsa potumiza, ndipo mukawapatsa akaunti yanu yapita, abale anu n'kuyamba kulandira mauthenga opempha ndalama za maliro. Enanso amatenga SIM yatsopano ya nambala yanu ndi chitupa chabodza. Kukula kwa malondawa kudaoneka mu Epulo 2024, pamene a Drug Enforcement Commission ndi anzawo adathyola nyumba ina ku Roma mu Lusaka n'kugwira anthu 77 ndi ma SIM oposa 13,000.

Kumudzi vuto limabwera ndi nkhope yodziwika. Agogo osaona bwino, kapena osadziwa Chingerezi cha pa mndandanda wa foni, amapereka foni kwa ejenti wa pakanyumba n'kumutchulira PIN mokweza, mzere wonse ukumva. Ena amailemba pakapepala n'kukaika pamodzi ndi chitupa cha NRC, ena amasankha chaka chobadwa, chimene chalembedwa pachitupa pomwepo. Makadi a FISP atabwera, padali alimi amene ankasiya khadi ndi PIN yomwe kwa wapampando wa kopaletivu kapena kwa mwini sitolo kuti awasungire malo a fetereza. Sindikuwaona ngati opusa. M'mudzi kubisira mnansi kanthu kumaoneka ngati kumuganizira ufiti kapena kuba, ndipo njira zimenezi adazikonza anthu a m'tauni poganiza za munthu wokhala ndi foni yakeyake, wodziwa kuwerenga, wosadalira mdzukulu. Cholakwa chachikulu chili kwa amene adapereka kiyi osaphunzitsa kasungidwe kake.

Palinso khutu lina, la boma. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidaleka kugwira ntchito m'Zambia, mpaka bungwe la Chapter One Foundation lidakatenga chiletso kukhoti lalikulu chotsutsana ndi ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mafoni ndi intaneti. Amene sangawerenge uthenga angathebe kutseka njira yake. Achinyamata ambiri adaphunzira tsiku limenelo kugwiritsa ntchito VPN, imene imakulunga zonse zotuluka m'foni n'kuzidutsitsa kudziko lina. Izi zisanachitike, mu Disembala 2020, ofufuza a Citizen Lab ku Toronto adatchula Zambia pakati pa maiko amene akuoneka kuti adagula zida za kampani ya Circles, zotha kulondola foni ndi kumvetsera kuimba wamba. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act lidasainidwa ndi pulezidenti wa nthawiyo a Edgar Lungu mu Malichi 2021, a Hakainde Hichilema, ali kotsutsa, n'kulidzudzula. Mu Epulo 2025 a Hichilema, ali pulezidenti, nawonso adasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Ofesi ya kazembe wa America idachenjeza nzika zake za malamulowa, ndipo bungwe la maloya la Law Association of Zambia lidati akuopseza ufulu wa anthu. Boma lidayankha kuti cholinga ndi kuthana ndi akuba a pa intaneti, ndipo kumvetsera munthu kumafuna chilolezo cha khoti.

Akubawo alipodi, ndipo mlimi amene ndalama zake za chimanga zasesedwa m'foni ali ndi ufulu wofuna kuti apolisi awapeze. Koma dziko limene lidasunga makina a Vula liyenera kudziwa kuposa ena kuti mphamvu yomvetsera anthu siikhala m'manja abwino mpaka kalekale. Zida zogulidwa ndi boma lina zimatsalira boma lotsatira. Ngati chilolezo cha khoti ndicho chitetezo chathu, Nyumba ya Malamulo izilandira chaka ndi chaka chiwerengero cha zilolezo zimene zidapemphedwa, zimene zidaperekedwa ndi zimene zidakanidwa, anthu n'kuchimva.

Ku Chongwe kwenikweni zofunika ndi zapafupi. ZICTA idakhazikitsa *707# yoneneza manambala a akuba, koma nambala imeneyi iyenera kumveka pawailesi ya m'dera m'Chisoli ndi m'Chinyanja, pamisonkhano ya alangizi a zaulimi ndi pamwambo wa Chakwela Makumbi, pamene anthu a m'midzi yonse amasonkhana mvula isanagwe. Makampani a foni, amene amadula kangachepe pa kutumiza kulikonse, angathe kuika mindandanda yawo m'zilankhulo zimene agogo amamva, ndi kulamula ejenti aliyense kuti azibweza foni m'manja mwa mwini wake ikafika nthawi yolemba PIN. Ophunzira uphunzitsi ku Chalimbana University, amene mawa adzabalalikira m'masukulu a kumidzi, atapatsidwa sabata imodzi yokha ya phunziroli angalifikitse kwa ana amene makolo amawapatsira foni kuti awawerengere mauthenga.