Njinga zamagetsi pa Phiri la Zomba: kukwera n'kophweka, nkhani ili potsika

Sabata yathayi mnyamata wina anafika pamene ndimakonzera njinga akukankha njinga yamagetsi ya abwana ake, chigongono chitasupuka. Anatsika nayo kuchokera ku Chawe podzera njira yachidule ija ya Potato Path, ndipo chapakatikati mabuleki anasiya kugwira. Mwamwayi anagwera m'tchire, osati pa amayi amene anali kutsogolo kwake atasenza nkhuni. Njinga zotere ndayamba kuziona ndi alendo okwera phiri, ndiye ndati ndifotokoze zomwe ndikudziwa wina asanavulazidwe nazo.

Choyamba, imeneyi si njinga yamoto. Mota yake ili pakati, pamene pali zopalasira, ndipo imathandiza pokhapokha iwe ukupalasa. Zambiri zopangidwira ku Ulaya zimaleka kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Pachitunda ndiye umangomva ngati wina akukukankha kumsana. Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Phiri lathuli limapitirira mamita 2,000, ndipo kale wofika pamwamba ndi njinga ankakhala munthu woizolowera. Lero aliyense afika, thukuta osatuluka n'komwe. Koma potsika mota ilibe ntchito, watsala ndiwe ndi chinjinga cholemera makilogalamu 22 mpaka 25, pamwamba pa miyala, mizu ya paini ndi dothi loterera.

Nditatsegula mabuleki a njinga ya mnyamatayu, ndinapeza akumbuyo atadyeka mpaka chitsulo, pamene akutsogolo anali ngati atsopano. Ndinadziwiratu chimene chinachitika. Anagwira buleki yakumbuyo yokha osaisiya njira yonse, monga tinazolowerera pa njinga za kabaza poopa kugudubuzika. Mabuleki amenewa ndi a disiki, oyendera mafuta, ndipo ukawakhwekhwereza choncho amatentha mpaka mphamvu kutha. Kagwiridwe kake n'kosiyana: chala chimodzi mbali iliyonse, mabuleki onse awiri pamodzi, kugwira mwamphamvu pamalo owongoka kenako kusiya kuti azizire. Yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwenikweni. Kuti isakuponye, tsitsa chishalo, imirira pa zopalasira, pinda mawondo ndi zigongono, maso ayang'ane kumene ukupita osati mwala umene ukuuopa. Ukauyang'anitsitsa mwalawo, ndithu uugunda.

Kwa amisiri anzanga, chonde tisamathire mafuta a mabuleki a galimoto paliponse. Mabuleki a Shimano amafuna mineral oil, ena amafuna DOT, ndipo ukasokoneza timalabala ta m'kati timafufuma, buleki yonse kuwonongeka. Zimalembedwa pa buleki pomwepo kapena m'buku lake, n'kungowerenga basi.

Pokwera, vuto limakhala tcheni. Mphamvu ya mota ndi ya miyendo yako zonse zimadutsa pa tcheni chimodzi chomwecho, n'chifukwa chake chimatha msanga kuposa cha njinga wamba. Anthu amakonda kusiya giya yolemera poti mota ikukoka, eti. Kumeneko n'kudya mano a magiya. Ika giya yopepuka, miyendo izizungulira mofulumira, ndipo posintha giya chepetsa kaye kuponda. Tcheni chizipukutidwa ndi kuthiridwa mafuta ake pang'ono pobwera kuphiri, osati oyilo wakuda wotsala m'galimoto amene amangomata mchenga. Pali kachitsulo koyezera kutalika kwa tcheni; pa njinga za magiya 12, chikatambasuka ndi 0.5 peresenti chisinthidwe, apo ayi mugula ndi magiya omwe, ndipo zimenezi simungazipeze mumsika wa Zomba.

Batire ndiye mtima wa ndalama zonse. Ndi la lithium ngati la foni, koma lalikulu, nthawi zambiri 500 mpaka 750 Wh. Lizitchajidwa ndi tchaja yake yokha, litazizira, pamalo pouma pomwe pali munthu, osati pa matiresi usiku wonse. Ngati njinga ikhala miyezi osayenda, lisiyeni chapakati, lisadzaze komanso lisatheretu. Batire limene lagunda pamwala n'kuphwanyika kapena kufufuma lisalowenso m'nyumba, chifukwa moto wake suzimitsika wamba. Potsuka, ndowa ndi kansanza zakwana. Mipope yamphamvu ya kotsukira galimoto imalowetsa madzi m'mabeya ndi mu mota, ndipo mota ija sitimaitsegula pansi pa mtengo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi njira zenizenizo. Tinjira ta m'phirimu sitinalambulidwire masewera. Mumadutsa amayi a nkhuni, ana, ogulitsa mbatata ndi zipatso, komanso abambo otsika ndi njinga zopakira mitolo mpaka kupitirira mutu, amene sangathe kupatuka mwachangu. Njinga yamagetsi ilibe phokoso, ndipo imatulukira mofulumira ngakhale pokwera, kumene munthu sayembekezera. Wokwerayo ndiye ayenera kuima, kupereka moni ndi kudikira. Mvula ikagwa ndi bwino kungotsata msewu waukulu, poti tayala lokhwekhwereza limakumba ngalande m'njira imene ena adutsamo mawa atasenza katundu.

Njinga ya mnyamata uja ikadali pano, tikudikira zida za mabuleki zochokera ku Johannesburg. Ndamuuza kuti zikafika tikayambire pa kamtsetse ka kuseri kwathu, aphunzire buleki yakutsogolo, za ku Chawe tiona bwino lake.