Nyumba imene inamangidwa pamwamba pa mathithi

M'chigawo cha Pennsylvania, ku America, muli nyumba imene madzi amadutsa pansi pake usiku ndi usana. Dzina lake ndi Fallingwater. Inamangidwa pamwamba pa mathithi a kamtsinje ka Bear Run, makilomita pafupifupi 110 kuchokera mumzinda wa Pittsburgh.

Mwini wake anali a Edgar Kaufmann, amene anali ndi sitolo yaikulu ku Pittsburgh. Banja lawo linkakonda kukapuma kunkhalangoko, ndipo iwo ankayembekezera nyumba yoti aziona mathithiwo ali pakhonde. Koma katswiri wojambula mapulani, a Frank Lloyd Wright, anaganiza zina. M'chaka cha 1935 anajambula nyumba yokhala pamwamba pa mathithi penipeni.

Ntchito inayamba mu 1936. Miyala ya makoma inakumbidwa pafupi pomwepo, ndipo amisiri anaisanja mogoneka monga mmene matanthwe a m'mbali mwa mtsinjewo alili. Thanthwe lina sanalichotse konse. Lili m'chipinda chochezera, patsogolo pa malo osonkhapo moto. Kuchokera m'chipinda chomwecho muli masitepe otsikira kumadzi. Makonde a konkire anatulukira pamwamba pa mtsinje opanda nsanamira kumapeto kwake, ndipo munthu akaima patali amaona ngati nyumbayo inamera m'thanthwe.

Vuto linagona pa makonde omwewa. Mainjiniya amene a Kaufmann anawafunsa anakayikira ngati zitsulo za m'pulani zinali zokwanira. Omanga anawonjezera zitsulo, ndipo a Wright anakwiya kwambiri. Ngakhale zinali choncho, atangochotsa matabwa ochirikiza konkire, khonde linayamba kuwerama. Linapitiriza kutsika chaka ndi chaka mpaka mbali ina inatsika masentimita pafupifupi 18. Kunena zoona, mainjiniya aja sanalakwe. Chinyezi ndi kudontha kwa denga nazonso zinasautsa eni nyumba, ndipo izi sizingadabwitse aliyense amene anamangapo pafupi ndi madzi.

Mu 1963 mwana wa a Kaufmann anapereka nyumbayo pamodzi ndi nkhalango yake ku bungwe la Western Pennsylvania Conservancy, ndipo mu 1964 anthu anayamba kuloledwa kukaiona. Bungweli ndi limene linasenza mtolo wokonza. Mu 1997 linaika zitsulo zochirikiza khonde kwa kanthawi. Mu 2002 mainjiniya anamangirira nthambo zachitsulo m'mbali mwa mitanda ya konkire, pansi pa chipinda chochezera, nazikoka mwamphamvu. Khonde silinabwerere pamene linali, koma linaleka kutsika.

Mu 2019 bungwe la UNESCO linaika Fallingwater pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pamodzi ndi nyumba zina 7 za a Wright. Mlendo amene ali m'nyumbamo amamva mkokomo wa madzi paliponse, koma akafuna kuwaona bwino mathithiwo ayenera kutuluka panja ndi kutsikira kumunsi kwa mtsinje.