Makina Oona M'kati mwa Thupi ndi Mwana wa ku Chisi

Mwana akakomoka ndi malungo pa chilumba cha Chisi, makolo ake saganiza za makina. Amaganiza za bwato, za mphepo ya pa nyanja ya Chilwa, ndiponso za galimoto yochokera pa doko la Kachulu kunka ku chipatala chachikulu cha Zomba. Komabe nkhani ya mwanayo yalukana ndi mbiri ya kampani ina ya ku America yotchedwa General Electric.

M'chaka cha 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira kuŵala kwa X-ray kumene kumaonetsa mafupa a munthu popanda kumung'amba. Mu 1913 William Coolidge, katswiri wa General Electric, adakonza chubu chotulutsa kuŵalako mosasinthasintha, ndipo zipatala zambiri zidachilandira. Malondawo adakulirakulira kufikira kampaniyo idayamba kupanganso makina a CT, MRI ndi ultrasound. Mu Januwale 2023 nthambi yake ya zachipatala idaima payokha ndi dzina loti GE HealthCare, ndipo m'chaka chomwecho malonda ake adaposa madola 19 biliyoni.

Phindu la ntchitoyi lidafika kuno kwathu mu 2008, pamene kampaniyi idapereka makina a MRI oyamba m'Malaŵi muno ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre. Dr. Terrie Taylor ndi anzake adawagwiritsa ntchito pounika ana 168 odwala malungo a muubongo. Zimene adapeza zidalengezedwa mu 2015: mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wawo udali wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa chotero umapanikiza mbali yolamulira kupuma, mwana nkuleka kupuma. Motero madokotala adadziŵa pamene pagona imfa imene idawazunguza mitu kwa zaka zambiri.

Koma akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Makina a ku Blantyre ali kutali ndi mayi wa ku Chisi amene mwana wake wayamba kudwala usiku. Kutalikako kumanyanya nyanja ikaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, pakuti mabwato amatitimira m'matope.

Chiyembekezo cha anthu a kumidzi chagona pa makina ang'onoang'ono. Mu 2010 kampani yomweyi idayamba kugulitsa Vscan, makina a ultrasound okwana m'thumba la malaya. Makina a mtundu umenewu angathe kuoloka nyanja pa bwato nkuthandiza mzamba kuona mmene mwana wagonera m'mimba nthaŵi ya uchembere isanakwane.

Ngakhale zili choncho, makina paokha sayankhula. Pafunika anyamata ndi atsikana odziŵa kujambula ndi kuŵerenga zithunzizo, ndipo maphunziro otere amaperekedwa ku Malawi College of Health Sciences. Wophunzira amene watsiriza Fomu 4 atakhoza bwino sayansi aganizepo mofatsa, pakuti ku Chisi akumudikira.