Masamu amakanika pomasulira funso, osati powerengetsera

Ophunzira ambiri amene amalemba mayeso a bungwe la MANEB, kuyambira a PSLCE mu Sitandade 8 mpaka a MSCE mu Fomu 4, amaopa masamu poganiza kuti vuto ndi kuwerengetsera, pomwe kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa amazichita tsiku ndi tsiku pamsika osalakwitsa. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kutenga funso lolembedwa m'mawu, m'Chingerezi chimene mwana sayankhula kunyumba, n'kulisandutsa samu yoti ikonzedwe.

Vutoli limayambira mu arithmetic, nthambi ya masamu yokhudza manambala odziwika, makamaka pa maperesenti, omwe ndi magawo a chinthu chikagawidwa pa 100. Wamalonda akakweza mtengo wa nsalu ya K10,000 ndi 20 peresenti, nsaluyo imafika pa K12,000, ndipo akadzautsitsanso ndi 20 peresenti, ophunzira ambiri amayankha kuti wabwerera pa K10,000, pomwe yankho loona ndi K9,600, chifukwa peresenti yachiwiriyo ikuwerengeredwa pa K12,000, ndipo gawo lake ndi K2,400. Wolakwitsa apa amadziwa kuchulukitsa bwinobwino. Chimene sanadzifunse n'chakuti peresentiyo ndi ya ndalama ziti.

Algebra imangowonjezera chinthu chimodzi, chomwe ndi kupatsa nambala yosadziwika chilembo choiimira kuti igwiritsidwe ntchito isanapezeke. Mwana akagula makope atatu a mtengo wofanana ndi cholembera cha K500, n'kulipira K2,600, mtengo wa kope limodzi ungatchedwe x, ndipo nkhani yonse imalembedwa kuti 3x + 500 = 2,600. Chiganizo chotere chimatchedwa equation, ndipo chili ngati sikelo ya mbale ziwiri, imene imakhalabe yolingana pokhapokha chochitidwa mbali imodzi chikachitidwanso mbali inayo. Kuchotsa 500 mbali zonse kumasiya 3x = 2,100, ndipo kugawa mbali zonse ndi 3 kumapereka K700, yankho lomwe wophunzira angathe kulitsimikizira yekha polibwezera m'funso muja. M'makalasi ambiri ana amangouzidwa kuti nambala ikawoloka chizindikiro chofananitsa imasintha chizindikiro chake, lamulo lomwe limathandiza kwa kanthawi koma limasokoneza, popeza wololoweza osadziwa gwero lake amadzasandutsa 3 uja kukhala -3 m'malo mogawa naye.

Mbiri ya phunziroli imasonyeza kuti zilembozo zinabwera mochedwa. Katswiri wa ku Baghdad, al-Khwarizmi, amene analemba buku lake la algebra cha m'ma 820, ankafotokoza njira zonse m'mawu okhaokha, ndipo mafunso ake ambiri anali okhudza malonda, kuyeza minda ndi kugawa chuma cha masiye. Chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa manambala osadziwika chinafala René Descartes atatulutsa buku lake mu 1637.

Trigonometry, yomwe ophunzira amakumana nayo kusekondale, ndi phunziro la ubale wa pakati pa ngodya ndi mbali za chinthu cha makona atatu, makamaka chimene ngodya yake imodzi ndi ya madigiri 90. Mbali yaitali kwambiri, yoyang'anizana ndi ngodya imeneyi, imatchedwa hypotenuse, ndipo sine, cosine ndi tangent ndi mayina chabe a yankho lopezeka mbali imodzi ikagawidwa ndi inzake. Kalipentala wokhoma denga la nyumba yotambalala mamita 6, amene akufuna kuti malata apendekeke madigiri 30, amayamba ndi theka la nyumbayo, mamita 3, ndipo akachulukitsa 3 ndi tangent ya madigiri 30, yomwe ndi pafupifupi 0.577, amapeza kuti nsonga ya denga ikwere mamita 1.73 pamwamba pa khoma. Akagawa 3 yemweyo ndi cosine ya madigiri 30, yomwe ndi 0.866, amapeza kuti phaso lililonse litalike mamita 3.46, kupatula mbali yotulukira kukhonde. Amisiri ambiri amene sanafike Fomu 3 amawongola ngodya ya maziko ndi chingwe cha miyeso 3, 4 ndi 5, chomwe chimatsatira lamulo la masamu lotchedwa la Pythagoras, ngakhale dzinalo sanalimvepo. Wophunzira woloweza SOHCAHTOA, mawu okumbutsa mbali zogawidwa pa sine, cosine ndi tangent, koma osajambula dengalo papepala sangadziwe mbali yoyang'anizana ndi ngodya ndi yoyandikana nayo, ndipo kamakina kowerengetsera kamangomupatsa yankho lolakwika mofulumira.

Aphunzitsi angathandize kwambiri atamapatsa ana mpata wofotokoza funso m'chinenero chawo, kulijambula ndi kuyerekeza kukula kwa yankho asanagwire cholembera, ngakhale izi zitachepetsa chiwerengero cha masamu okonzedwa pa phunziro limodzi.