CITHUNZI CIFUNA KUPALIRA MONGA MUNDA

Masiku ano ngakhale kumidzi anthu ambiri ali ndi mafoni otha kujambula. Koma kawirikawiri munthu akajambula mapiri a Mphangwe ku Katete, kapena mtsinje wa Luangwa, cithunzi sicituluka monga momwe maso anaonera. Phiri lacepa, mzati wa nthambo za magetsi waima pakati, ndipo dziko lonse lapendekeka. Ena amaimba foni mlandu, pamene coona ndi cakuti nchito yangotsala yosatsiriza.

Ngakhale akatswiri amakonza zithunzi zao. Pa 1 Novembala 1941, Ansel Adams wa ku America ali paulendo m'cigawo ca New Mexico, anaona mwezi utakwera pamwamba pa kamudzi ka Hernandez, dzuwa lolowa likuwalitsa mitanda ya kumanda. Anajambula kamodzi kokha, pakuti pofuna kubwereza kuwala kunali kutacoka pamitandapo. M'zaka zotsatira, posindikiza cithunzico, iye anali kudetsa thambo mpaka linada bii, kuti mwezi ndi mitanda yoyera zionekere bwino. Anasindikiza makope oposa 1,300, ndipo cithunzico cinachuka pa dziko lonse.

Zimene Adams anali kucita m'cipinda ca mdima, inu mungathe kuzicita pafoni muli khale pakhonde. Coyamba sungani cithunzi canu monga cinajambulidwira, ndipo mukonze kope lake. Kenaka ongolani mzere umene dziko likumana ndi thambo, pakuti madzi a m'dambo sakhala cotsetsereka.

Mukatero dzifunseni: kodi ndinaima pano cifukwa ca ciani? Ngati ndi phiri, dulani m'mbali zonse zolanda maso, monga pepala lotayidwa kapena nthambi yolowerera pangodya. Uku ndiye kupalira. Mzere wa dziko ndi thambo usadule cithunzi pakati penipeni. Gawani cithunzi patatu: mitambo ikakhala yokongola, ipatseni magawo awiri, ukakongola munda, thambo likhale ndi gawo limodzi. Koma musadule mopitirira, cifukwa kacigawo kakang'ono kakakulitsidwa kamaoneka mwa cimbuuzi.

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'chire umaphimba mapiri. Pamenepo onjezani pang'ono kusiyana kwa kuwala ndi mdima, ndipo mapiri adzatuluka. Mitundu nayonso ifuna muyeso monga mcere m'ndiwo. Cimanga cobiriwira koposa ca m'munda cimaonekeratu kuti ndi cabodza.

Tsono pali malire amene sitiyenera kulumpha. M'caka ca 1982 magazini ya National Geographic inasendeza zipirala zakale za mafumu za ku Giza, m'dziko la Egypt, kuti ziyandikane ndi kukwana pacikuto cake. Zitadziwika, magaziniyo inadzudzulidwa kwambiri, ndipo nkhaniyo ikumbukika kufikira lero. Adams anadetsa thambo, koma mwezi ndi mudzi anazisiya pamalo pake.

Cimodzimodzi kwa ife. Ngati mutumiza cithunzi ca munda kwa mlangizi wa zaulimi, kapena kwa mwana wanu wa ku Lusaka amene anagula fetereza, musadule mbali imene mbeu zinauma. Mlangizi sangathandize pa matenda amene mwamubisira, ndipo mwana adzaona coona m'nkhokwe pa nthawi yokolola.