Musanatsukenso galimoto ndi sopo wochapira zovala, tawerengani izi

Loweruka lililonse m'mawa ukayenda m'misewu ya ku Area 25 kuno ku Lilongwe umaona zomwezomwe: geti lotsegula, nyimbo zili pamwamba, mnyamata wavula shati, ndowa imodzi ya thovu pansi, chiguduli m'manja, akukwecha galimoto ngati akutsuka poto wa nsima. Kwa chaka chathunthu mnyamata ameneyo ndinali ine.

Nditasiyira sukulu panjira ku yunivesite chifukwa cha fizi, ndinabwera kudzakhala kwa achemwali anga. Ukamakhala pakhomo pa eni umafuna kantchito koti anthu aziona kuti sukungodya chabe, ndiye ine ndinadzisankhira galimoto ya alamu, ka Toyota Vitz kakuda kolowera pa Songwe. Ndinkaitsuka kawiri pa sabata, mwachangu ndithu, ndi sopo wa ufa wa achemwali komanso T-shirt yanga yakale. Ndinkadziona ngati dolo.

Tsiku lina alamu anaganiza zoigulitsa kuti awonjezere ndalama pa puloti. Kunabwera bambo wina wogula, wa maso akuthwa. Sanayambe n'komwe ndi injini. Anaizungulira kawiri, n'kuyatsa tochi ya foni, n'kuunika pa boneti. Pamenepo ndi pomwe ndinaona zomwe ndinali ndisanaonepo: timizere tambirimbiri tozungulira ngati ukonde wa kangaude, pa boneti, pa zitseko, pa denga, paliponse. "Achimwene, galimotoyi amakutsukirani ndani?" Alamu anangonditembenukira. Bamboyo anatsitsa mtengo mpaka alamu anakana, malonda n'kufera pomwepo. Madzulo ake anangondifunsa mosakweza mawu kuti, "Koma alamu, inu mumatsuka ndi njerwa kapena?" Ndikanakonda akanangondikalipira.

Ndinapita kwa mkulu wina wopenta magalimoto yemwe ndimadziwana naye, ndinawerenganso zambiri pa intaneti, ndipo zomwe ndinapeza ndi zimene ndikufuna tigawane, poti ambiri a ife magalimoto omwe timatsuka si athu. Ndi a makolo, a alamu, a abwana, kapena a kasitomala wa ganyu.

Tiyambe ndi pentiyo, chifukwa ukamvetsa mmene ilili zina zonse zimamveka zokha. Penti ya magalimoto a masiku ano ili m'magawo. Pansi pali yogwira chitsulo, pakati pali ya mtunduyo, kaya yakuda kaya yofiira, ndipo pamwamba penipeni pali kachikuto koonekera ngati galasi komwe amati clear coat. Kunyezimira konse mumakuona kuja kumachokera pa kachikuto kameneka, koma n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Kakakalika, kuwala kwa dzuwa kumabalalika m'timizereto, galimoto n'kumaoneka yotuwa ngakhale mwangoitsuka kumene. Pa galimoto yoyera kapena ya siliva zimabisika. Pa yakuda kapena ya buluu wakuda, ayi ndithu, imakuyalutsa.

Nanga chimakala n'chiyani? Ine ndinkaganiza kuti ndi sopo yekha, koma mdani wamkulu ndi fumbi. Fumbi lathu lofiirali, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa, lili ndi timchenga tolimba kuposa penti. Ukatenga chiguduli n'kuyamba kupukuta pa fumbi, ndiye kuti wapanga sandipepa ndi manja ako. Choipitsitsa ndi chizolowezi chija cha m'mawa, munthu akuthamangira kuntchito, kungotenga nsalu youma n'kupukuta galimoto yonse kuti ioneke bwino. Kuli bwino kupita ku tauni ndi galimoto yafumbi kusiyana ndi kuchita zimenezo. Choncho madzi ayambe ndiwo. Thirani galimoto yonse kuchokera pa denga kutsika, fumbi lambiri litsetsereke lokha, nsalu isanakhudze penti.

Za sopo tsopano. Sopo wa ufa anapangidwira kuchotsa thukuta ndi mafuta pa zovala, ndipo wa mbale anapangidwira mafuta a m'poto. Amene munakhalako m'kalasi ya Chemistry mukukumbukira pH: madzi abwino ali pa 7, pomwe sopo wa ufa akasungunuka amafika cha ku 10 kapena kuposera. Polishi amene amateteza penti ndi wa mtundu wa phula, ndiye sopo wamphamvu chotere amamusungunula n'kupita naye. Kutsuka kamodzi sikungaphe galimoto, tisanamizane. Koma sabata ndi sabata, penti imatsala yamaliseche pa dzuwa, mapulasitiki akuda a pa bampa amayamba kutuwa, ndipo timiyala ta sopo tosasungunuka bwino timakalanso patokha. Kuwonjezera apo, sopo wa ufa akauma amasiya mizere yoyera yovuta kuchotsa.

Choyenera ndi shampu wa galimoto. Amapezeka m'masitolo akuluakulu, m'mashopu a zipangizo za galimoto, ngakhale pa ma filling station ena. Ambiri ali pafupi ndi pH 7, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutereretsa, kuti kamchenga kakagwidwa ndi nsalu katsetsereke m'malo mokanda. Ndikudziwa mukuti ndi wodula. Botolo limaoneka lodula ukamagula, koma pa ndowa yonse umangothira kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri malinga ndi zomwe alemba pa botolopo, ndiye limakhala miyezi. Yerekezani ndi mtengo wokapentetsa boneti yokha, muona pomwe pali phindu. Ndipo musawonjezere muyezo poganiza kuti thovu lambiri ndiye ukhondo, mungodzivutitsa potsukuluza.

Chinthu chomwe chinasintha katsukidwe kanga, ndipo sichifuna ndalama, ndi ndowa yachiwiri. Kale ndinkaviika chiguduli m'ndowa imodzi yomweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pofika pa chitseko chachitatu madziwo anali phala la matope, ine n'kumalipakabe pa galimoto. Panopa ndowa imodzi ndi ya shampu, ina ndi ya madzi okha. Ndikatsuka mbali imodzi, nsalu imayamba yalowa m'madzi oyera, ndimaitikita ndi kuifinya, kenako ndiye ibwerere ku shampu. Pomaliza ukayang'ana pansi pa ndowa ya madzi okha ija umapeza mchenga wosanjikizana. Mchenga umenewo ukanakhala pa penti.

Nsalu yakenso ndi nkhani. T-shirt yakale, thaulo lotha losambira, siponji ya mbale ya mbali yobiriwira ija, zonsezi zisayandikire penti. Nsalu yathyathyathya imasunga mchenga pamwamba n'kumaukoka pa galimoto. Nsalu za microfibre zili ndi timaubweya tomwe timameza mchengawo mkati, ndipo sizivuta kupeza masiku ano, ngakhale anyamata ogulitsa pa ma robot amakhala nazo. Gulani zingapo za mitundu yosiyana kuti musasokoneze: ya penti, ya magalasi, ya matayala. Ikagwa pansi musangoikung'untha n'kupitiriza. Yatola mchenga imeneyo, tengani ina.

Matayala ndimayamba nawo, ndi madzi ake ndi burashi yake, chifukwa kukawatsuka pomaliza matope amathovukira pa zitseko zoyera kale. Fumbi lakuda la pa marimu limachokera ku mabuleki ndipo muli tizitsulo, ndiye nsalu yomwe yakhudza pamenepo isapitenso pa boneti. Mukatha apo yambani denga, magalasi, boneti ndi buti, zitseko chakumtunda, ndipo m'munsi mwa zitseko ndi mabampa mukhale momalizira poti ndimo muli litsiro lambiri. Dzanja liziyenda molunjika, mopepuka. Kuzunguliza ndi mphamvu kuja ndiko kunajambula ukonde wa kangaude pa Vitz ya alamu.

Nthawi yotsukira ambiri timailakwitsa. Timadikira dzuwa likwere kuti galimoto iume msanga, chonsecho ndiko kuipha. Mu October boneti yakuda imatentha moti sungaikepo dzanja. Madzi ndi shampu zimauma usanatsukuluze, n'kusiya timadontho toyera. Timadontho timeneti ndi mchere wa m'madzi, calcium ndi magnesium, womwe umatsala madzi akauluka. Amene mumatunga pa mjigo kapena pa chitsime, vutoli limakula chifukwa madzi a pansi nthawi zambiri amakhala ndi mchere wochuluka kuposa a pa mpopi. Tikakhalitsa pa penti yotentha timadya clear coat, osachokanso ndi kutsuka wamba. Tsukani m'mamawa kapena chakumadzulo, pa mthunzi, injini itazizira. Ngati mthunzi wake ndi wa mtengo wa mango kapena jakaranda, mukamaliza ichotsenipo, apo ayi utomoni, maluwa ndi mbalame zikubwezerani ntchito.

Pa mbalamepo ndiimepo pang'ono. Zitosi zili ndi asidi, ndipo pa dzuwa zimatha kusiya chipsera pa penti m'masiku ochepa. Musadikire Loweruka. Nyowetsani kansalu, kaikeni pamwamba pake kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenako nyamulani. Osakanda ndi chikhadabo, chifukwa m'zitosimo mumakhalanso timchenga.

Kuumitsa ndi theka la ntchito, ngakhale ine ndinkangoisiya galimoto pa dzuwa n'kukasamba. Mukatsukuluza komaliza, thirani madzi pang'onopang'ono kuti aziyenderera okha ngati chinsalu, amasiya madontho ochepa kusiyana ndi kuwaza mwamphamvu. Kenako tengani thaulo lalikulu la microfibre loyera bwino, kapena chamois yonyowetsa ndi kufinya kaye poti youma imakhala gwaa ngati chikopa cha ng'oma. Liyaleni pa denga n'kulikoka mofatsa, kapena muzingoligunditsa kuti limwe madzi. Yambani magalasi ndi denga, mutsike nazo. Tsegulani zitseko, buti ndi kachitseko ka petulo, mupukute m'mphepete monse. M'menemo ndi momwe madzi amabisala, ndipo ukangonyamuka amatuluka n'kujambula mizere pa zitseko. Kuseri kwa magalasi a m'mbali ndi pansi pa nambala puleti chimodzimodzi.

Magalasi akakhala ndi timadontho touma kale, viniga woyera wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amathandiza, bola mutsukuluze bwino. Koma ngati magalasi anu anamatidwa tint, mkati mwake musagwiritse mankhwala okhala ndi ammonia, amawononga kapepalako. Mawaipa adzutseni muwapukute mphira wake, mudabwa litsiro lomwe lichokepo.

Pali funso lomwe achemwali anandifunsa nditayamba zonsezi: "Ndiye madzi onsewo alipira ndani?" Ali ndi mfundo. Ambiri tili pa mita, ena ya prepaid, ena mpopi ndi umodzi ndi ma tenanti anzathu ndipo alandilodi amawerenga ndowa iliyonse. Payipi yosiyidwa ikutuluka imatha kudzaza ndowa ya malita 20 m'mphindi ziwiri zokha, ndiye tangoganizani theka la ola. Ine ka Vitz kamandikwanira ndi ndowa zinayi: imodzi yothira poyamba, ya shampu, yotsukuluzira nsalu, ndi yomalizira, ndikumathira ndi kajagi. Madzi otsala m'ndowa yotsukuluzira amathera pa matayala kapena kuzizira fumbi pabwalo. Imikani galimoto pa kapinga kapena pa dothi kuti madzi alowe pansi, osati athamangire mu ngalande. Ichi n'chifukwa chakenso kutsukira galimoto m'mphepete mwa mtsinje sindigwirizana nako. Sopo ndi oyilo zimapita m'madzi omwe anthu a kumunsi akuchapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba zomwe tikagule tokha pamsika.

Mvula ikayamba, nkhondo imasamukira pansi. Matope amamatirira mkati mwa malo ozungulira matayala ndi kunsi kwa zitseko, amasunga chinyezi, dzimbiri n'kuyambira pamenepo mwakachetechete. Thiranimo madzi mpaka atuluke oyera. Koma injini ayi. Anyamata ena amatsegula boneti n'kukhuthulira ndowa yonse mkati kuti asangalatse bwana. Magalimoto a ku Japan awa ali ndi mawaya ndi masensa ambirimbiri, madzi akalowa polakwika galimoto imayamba kutsokomola kapena kukana kulira kumene. Nsalu yonyowa pang'ono ikukwana. Polishi wa matayala azipakidwa m'mbali mokha, osati poponda msewu, ndipo pa chiwongolero ndi pa mapedulo pasapite chilichonse choterera. Mukangotsuka kumene, ponyamuka pondani mabuleki kangapo muli pa liwiro lochepa kuti aume.

Mukafuna kudziwa ngati polishi akadalipo, yang'anani madzi pa boneti. Akamaundana timipira n'kugubuduka, chitetezo chilipo. Akangoyala phwata, chatha, pakani wina. Pa dzuwa lathuli miyezi itatu iliyonse si zoipa. Pakani mopyapyala pa galimoto yoyera ndi youma, pa mthunzi, dikirani achite mbuu, n'kupukuta ndi nsalu ina. Polishi wotereyu amabisako timizere tating'ono koma satichotsa. Kuchotsa kwenikweni ndi kwa makina, omwe amasenda clear coat pang'ono kuti ifanane, ndiye sizochita kawirikawiri poti kachikuto kaja kakatha basi, kwatsala kupenta. Mkulu uja anandiphunzitsa kayeso kosavuta: yendetsa chikhadabo modutsa mzerewo. Chikapanda kukodwa, makina auchotsa. Chikakodwa, walowa kwambiri.

Ya alamu yambiri sinakole chikhadabo, mwamwayi. Tinaipititsa ku makina, theka la ndalama yake ndinalipira ine kuchokera ku timaganyu tolembalemba, ndipo mizere iwiri ya pa chitseko chakumbuyo idakalipobe mpaka lero. Wogula wina akuti abwera Loweruka likudzali cha m'ma 10. Ine ndidzuka 5 koloko, dzuwa lisanafike pa geti.